Wothamanga akafuna kuchoka pa timu ya kampani ku Japan: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, matimu a makampani ku Japan amatulutsa mayina a othamanga mitunda italiitali: awa abwera, awa achoka, awa apuma. Amene anazolowera za mpira wamiyendo angaganize kuti ndi msika wogulitsana osewera, koma nkhani yake ndi ina. Wothamanga kumeneko ndi wantchito wa kampani, ndipo kusamuka kwake kumakhudza ntchito, malo ogona ndi dzina lake m'kaundula wa mipikisano, zonse pakamodzi.

Kodi timu ya kampani ndi chiyani kwenikweni?

Eniake amati jitsugyodan. Makampani monga Toyota, Honda, Fujitsu ndi Asahi Kasei amalemba othamanga ntchito n'kumawalipira pamwezi. Ambiri amagona m'nyumba ya timu, amathamanga mbandakucha, amakagwirako maola ochepa ku ofesi kapena kufakitale, masana n'kubwereranso pamsewu. Ena ali pa kontirakiti yothamanga basi. Onsewa amalembetsedwa ku bungwe la Japan Industrial Track and Field Association kudzera m'nthambi zake 6: East Japan, Chubu, Hokuriku, Kansai, Chugoku ndi Kyushu.

Chimene kampani imafuna kwambiri pa ndalama zonsezi ndi ekiden, mpikisano wa pamsewu wolandizana lamba wansalu wotchedwa tasuki. Wa amuna, New Year Ekiden, umachitika pa 1 Januwale ku Gunma: makilomita 100, magawo 7. Wa akazi, Queens Ekiden, umachitika mu Novembala ku Miyagi: makilomita 42.195, magawo 6. Dzina la kampani limakhala pachifuwa cha wothamanga pa TV kwa maola angapo, dziko lonse likuonera.

N'chifukwa chiyani mayina amasintha kwambiri mu Epulo?

Chaka cha ntchito ndi cha sukulu ku Japan chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Mnyamata wa chaka chomaliza ku yunivesite amene wathamanga Hakone Ekiden, mpikisano wa mayunivesite, pa 2 kapena pa 3 Januwale amatsiriza maphunziro mu Malichi, ndipo pa 1 Epulo amakhala wayamba ntchito. Malo akewo amakhala anamulonjeza kalekale, lonjezo limene amati naitei. Kuti iyeyo alowe, wina ayenera kupereka mpata, n'chifukwa chake othamanga akale ambiri amathamanga mpikisano wotsanzikira mu Febuluwale kapena Malichi.

Chilengezo chikati wachoka, ndiye kuti ntchito yamuthera?

Ayi, ndipo apa m'pamene owerenga ambiri amasokonekera. Pali mawu atatu osiyana. Intai ndi kusiya mipikisano. Taibu ndi kuchoka pa timu. Taisha ndi kuchoka pa kampani.

Amene analembedwa ngati wantchito wokhazikika akhoza kusiya kuthamanga koma n'kukhalabe pa kampani. Chilengezo chimangoti tsopano aika mtima pa ntchito ya kampani, ndipo munthu amene dzulo anali pa TV atavala tasuki mawa lake amapezeka pa desiki m'dipatimenti yowerengera ndalama kapena pa makina mufakitale. Ichi ndiye chikoka chachikulu cha matimuwa, ndipo makolo a othamanga amachiyang'ana kuposa mendulo. Wa kontirakiti alibe chitetezo chimenechi. Kontirakiti ikatha osaionjezera, malipiro ndi chipinda chogona zimathera limodzi. Choncho mukaona dzina pa mndandanda wa ochoka, yang'anani mawu amene agwiritsa ntchito. Ngati alemba taibu ndi taisha popanda intai, kawirikawiri munthuyo akupita ku timu ina kapena akukayima payekha.

Kodi munthu angachoke pa timu ina n'kupita ina mmene wafunira?

Kale zinali zovuta kwambiri. Lamulo linkati wosamuka alembetsedwe pa timu yatsopano pokhapokha ngati timu yakale yavomereza kuti wachoka mwamtendere, mawu ake enman. Timu yakale ikakana kusaina, munthuyo sankalembetsedwa, ndipo panalibe tsiku limene chiletsocho chinkathera. Ankatha kulowa mipikisano ina, monga marathoni, koma osati ya bungwe la makampani. Nanga ndi kampani iti ingalembe ntchito munthu amene sangavale tasuki pa 1 Januwale?

Oikira kumbuyo lamulolo ankati kampani yawononga ndalama zambiri kulera wothamanga, ndiye si bwino kuti timu yolemera ingobwera kudzakolola posalima. Mfundoyo ili ndi mutu wake. Koma kwa ife lamulolo linali lopweteka mopitirira muyezo, chifukwa limaika moyo wonse wa wothamanga m'manja mwa munthu yemweyo amene mwina akumuthawa. Wothamanga amene sakumvana ndi mphunzitsi, kapena amene akuvulala chifukwa cha kathamangitsidwe kosamuyenera, ankangosankha pakati pa kupirira ndi kusiyiratu. Zaka zimene munthu amakhala pachimake pa liwiro n'zochepa, sizidikira kuti mitima ya mabwana izizire.

Chinasintha n'chiyani, ndipo liti?

Mu Juni 2019, bungwe la boma loona kuti malonda aziyenda mwachilungamo, Japan Fair Trade Commission, linafotokoza kuti malamulo a zamasewera oletsa kusamuka popanda malire a nthawi akhoza kuphwanya lamulo loletsa kutsekereza ena pa msika. Mu Febuluwale 2020 bungwe la matimu a makampani linachotsa chiletso chopanda malirecho, ndipo dongosolo latsopano linayamba mu Epulo chaka chomwecho. Tsopano wothamanga, timu yakale ndi timu yatsopano amakambirana. Akagwirizana, kulembetsa kumayenda. Akalephera, wothamanga amadikira, koma kudikirako sikupitirira chaka chimodzi.

Ndiye chaka chimodzi n'chochepa?

Pakalendala n'chochepa, pa ekiden n'chambiri. Mipikisano yosankhira matimu a amuna oti akalowe mu mpikisano waukulu imachitika mu Novembala, ya akazi, Princess Ekiden ya ku Fukuoka, mu Okutobala. Amene wachoka mu Malichi popanda mgwirizano amaphonya mpikisano wosankhira ndi waukulu womwe, kutanthauza kuti kampani yatsopano imulipira nyengo yathunthu osamugwiritsa ntchito pa chimene inamulembera. Si makampani onse angalole zimenezo.

N'chifukwa chake odziwa amayamba msanga. Wothamanga amauza kaye mphunzitsi wake ndi akuluakulu a timu, maso ndi maso, asanamve mphekesera kwina. Timu yatsopano imalankhula ndi yakale poyera. Tsiku lochoka amaliika pamapeto pa chaka cha ntchito kuti timu yakale ipeze wolowa m'malo. Zimene zimawononga nkhani kawirikawiri ndi ziwiri: kulemba kalata yosiya ntchito mtima uli m'mwamba pambuyo poti sanakusankhe pa mpikisano, ndi timu yatsopano kunyengerera wothamanga mseri. Timu yakale ikazindikira kuti anailambalala, siginecha imavuta.

Nanga kampani ikatseka timu?

Zimachitika, ngakhale ku matimu otchuka. Nissin Foods inapambana New Year Ekiden mu 2010 ndi 2012, koma mu Januwale 2019 inauza othamanga 12 mwa 14 kuti achoke pa timu, n'kutsala ndi Yuki Sato ndi Akinobu Murasawa okha. Awiriwo nawonso pambuyo pake anapita ku SG Holdings. S&B Foods inatseka timu yake mu Malichi 2013, ndipo othamanga pamodzi ndi Toshihiko Seko, katswiri wakale wa marathoni, anasamukira ku DeNA. Nthawi zina chimasintha ndi dzina chabe: timu ya Kanebo inayamba kutchedwa Kao mu 2022.

Mphunzitsi akasamuka, othamanga amamutsata?

Nthawi zambiri, makamaka kwa akazi othamanga marathoni, amene amakhala zaka zambiri pa ndondomeko ya munthu mmodzi. Mao Ichiyama anachoka ku Wacoal n'kulowa Shiseido mu Epulo 2022 pamodzi ndi mphunzitsi wake Tadayuki Nagayama, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Shiseido inapambana Queens Ekiden. Mukamva kuti mphunzitsi wachoka, dikirani milungu ingapo, mayina ena amatsatira.

Othamanga ochokera kunja amawerengedwa bwanji?

Ambiri ndi a ku Kenya, ena a ku Ethiopia. Samuel Wanjiru anaphunzira ku sekondale ya Sendai Ikuei, analowa Toyota Kyushu mu 2005, ndipo mu 2008 anapambana marathoni ya Olimpiki ku Beijing. Paul Tanui anathamangira Kyudenko zaka zambiri. Koma pa ekiden mlendo amaloledwa gawo limodzi lokha, lalifupi. Kwa amuna linali gawo lachiwiri la makilomita 8.3 kuyambira 2009 mpaka 2023, ndipo mu 2024 analisamutsira pa gawo lachinayi la makilomita 7.8. Kwa akazi ndi gawo lachinayi la makilomita 3.6. Timu ikakhala ndi alendo awiri, mmodzi amakhala pabenchi, kotero ikalemba wachinyamata wothamanga kwambiri, malo a wamkuluyo amagwedezeka. Kwa iye kuchoka pa timu nthawi zambiri kumakhalanso kuchoka m'dziko, popeza chilolezo chake chokhalira ku Japan chimadalira ntchitoyo.

Munthu mmodzi kapena awiri angasinthedi tsogolo la timu?

Pa makilomita 100 ogawidwa anthu 7, palibe pobisa wofooka. Mmodzi akataya mphindi ziwiri pa gawo lalitali, anzake amathamanga okhaokha kumbuyo, mphepo ya ku Gunma ikuwaomba kumaso. Fujitsu inalephera kudutsa mpikisano wosankhira wa East Japan mu Novembala 2019, choncho sinaoneke pa 1 Januwale 2020. Patangopita chaka, pa 1 Januwale 2021, inatenga chikho. Kwa akazi mzere woopsa ndi nambala 8: matimu 8 oyamba pa Queens Ekiden amabwereranso chaka chotsatira osayesedwa, otsalawo amakayambira ku Princess Ekiden.

Amene wachoka kukayima payekha angabwererenso?

Angathe. Suguru Osako anachoka ku Nissin Foods mu 2015 n'kupita kukathamangira ku United States, koma pa 1 Januwale 2023 anathamanga gawo lachitatu la New Year Ekiden atavala yunifomu ya GMO Internet Group. Hitomi Niiya anasiya mipikisano mu 2014, anayambiranso mu 2018, analowa Sekisui Kagaku mu 2020, ndipo mu 2021 timuyo inapambana Queens Ekiden kwa nthawi yoyamba, iye ali m'gululo.