Si madzi a ku Johannesburg amene akuthothola tsitsi lanu

Abale anga, ndamva kambirimbiri m'masaluni a ku Yeoville ndi Hillbrow kuti tsitsi limathothoka chifukwa cha madzi a kuno ku Joni. Ayi ndithu. Madzi a m'mipope yathu, ochokera ku Vaal Dam, sabweretsa dazi. Chipewa nachonso n'chosalakwa.

Munthu aliyense amataya tsitsi pakati pa 50 ndi 100 pa tsiku, ndipo lina limamera. Dazi la abambo ambiri ndi la kumtundu, limayenda m'magazi kuchokera kuchimuna kapena kuchikazi. Mukanakhala ku Mangochi likanabwerabe.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi cha amayi ndi atsikana. Kuluka kothina kwambiri, meshi yolemera ndi mankhwala owongolera tsitsi zimadya tsitsi la pachipumi ndi cha m'makutu pang'onopang'ono. Mukamasula msanga limabwerera, koma zikapitirira kwa zaka mizu imafa, osameranso. Ngati mwaluka ndipo mutu ukupweteka mpaka kulephera kugona, amayi, masulani. Ana aang'ono tisawakoke choncho.

Nkhawa ya lendi ndi mapepala, matenda aakulu, kapena kubereka zimathothola tsitsi pakapita miyezi iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake wobwera kumene amanamizira madzi. Kuchepa kwa magazi kumachitanso zomwezo. Mphepo youma ya mu June ndi July imangoliphwanya tsitsi, sizula mizu.

Mukaona zigamba zoyabwa, mwina ndi chipere, chomwe chimafala ndi makina ometera osatsuka. Chimafuna mankhwala akumwa, choncho pitani kuchipatala.