Kutembenuza mtsinje si kumene kunathetsa matenda ku Chicago

Ndatopa nayo nkhani imeneyi. Pa misonkhano ya za madzi sipalephera kuimirira munthu n'kunena kuti: "Taonani anzathu a ku Chicago. Anangotembenuza mtsinje, matenda n'kuthera pompo." Ena amathira ndi mchere, ati m'chaka cha 1885 kolera ndi taifodi zinapha anthu 90,000 mumzindawo, ndiye akuluakulu anadzidzimuka. Ntchito yanga ndi ya mapaipi, mapampu ndi kuyeza madzi, ndipo ndikamva zoterezi mtima umandiwawa. Wonenayo amafuna tikhulupirire kuti vuto la madzi limatha ndi chintchito chimodzi chachikulu, kudula riboni, kenako aliyense kukagona.

Za anthu 90,000 zija n'zabodza. Mu Ogasiti 1885 kunagwadi chimvula chomwe chinakokolola zonyansa kupita nazo kunyanja, ndipo anthu anachita mantha kwambiri. Koma mliri woterowo sunabwere. Mzindawo panthawiyo unali usanafike anthu miliyoni imodzi. Maliro 90,000 akanasowa ndi owakumbira manda, komanso m'kaundula wa imfa wa chaka chimenecho mulibe zimenezo. Imfa zenizeni zilipo zokwanira, sitifunika kupeka zina.

Chicago, mzinda wa ku United States, inamangidwa pa dambo, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan. Pomwe inkakhala mzinda mu 1837 munali anthu ongopitirira pang'ono 4,000. Pofika 1890 anali atadutsa miliyoni. Tangoganizani zimbudzi za anthu onsewo pa malo athyathyathya, pomwe madzi amvula sadziwa kolowera. Kolera inapha anthu 678 mu 1849, n'kubweranso mu 1854 kudzatenga ena oposa 1,400. Chaka chotsatira ndi pomwe anakhazikitsa bungwe loona za mapaipi a zonyansa, n'kuitanitsa injiniya Ellis Chesbrough kuchokera ku Boston.

Chesbrough anapeza kuti nthaka ndi yotsika moti paipi yokwiriridwa pansi sikanakhala ndi potsetserekera. Anachita zomwe mpaka lero zimandipatsa ulemu: anayala mapaipiwo pamwamba pa misewu, n'kuwakwirira ndi dothi, misewu n'kukwera mita imodzi, m'malo ena kupitirira mamita awiri. Nyumba zinatsala m'dzenje, choncho eni ake anayamba kuzinyamula ndi majeke. Mu 1860, mu msewu wa Lake, amuna 600 ndi majeke 6,000 anakweza mdadada wathunthu wa masitolo a njerwa ndi miyala, wotalika pafupifupi mamita 100, malonda ali mkati. Mmodzi mwa makontilakita ake anali George Pullman, yemwe pambuyo pake anatchuka ndi mabogi ogonamo a sitima.

Ntchito yokongola. Nanga mapaipiwo ankakakhuthula kuti? Mu mtsinje wa Chicago. Mtsinjewo unkathira kuti? Mu nyanja ya Michigan, momwe mzinda wonse unkatunga madzi akumwa. Malo aakulu ogulitsira ndi kuphera ng'ombe ndi nkhumba a Union Stock Yards atatsegulidwa mu 1865, magazi ndi matumbo zinawonjezekera mumtsinje momwemo. Anthu ankadandaula kuti m'mipopi mukutuluka tinsomba ngati matemba. Chesbrough anakumbanso njira ya njerwa pansi pa nyanja, yotalika makilomita atatu, kuti azitunga madzi kutali ndi gombe. Inayamba kugwira ntchito mu 1867, koma mzinda unkakula mofulumira kuposa mapulani, ndipo uve unawatsatira komweko.

Moto wa mu Okutobala 1871 ndingoudutsa, poti ambiri mumaudziwa: anthu pafupifupi 300 anafa, 100,000 anasowa pokhala, ndipo denga la nyumba ya mapampu litapsa madzi ozimitsira moto anaduka. Chomwe chimandikhudza ndi chakuti anthu a ku England atatumiza mabuku ngati chipepeso, laibulale yoyamba ya mzindawo inatsegulidwa mu 1873 m'thanki yakale ya madzi yomwe inapulumuka motowo.

Chaka chomwe ndimafuna anthu azichikumbukira ndi 1889, osati 1900. M'chaka chimenecho nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois, momwe muli Chicago, inalola kukhazikitsidwa kwa Sanitary District of Chicago, bungwe loima palokha, la atsogoleri ochita kusankhidwa, lokhala ndi mphamvu yotolera msonkho wake ndi kubwereka ndalama, ndipo malire ake sanathere pomwe khonsolo ya mzinda inkathera. Uve sudziwa malire a khonsolo. Popanda bungwe lotere, ngalande yotembenuzira mtsinje kuti usathirenso kunyanja ikanathera pa pepala. Ngakhale linalipo, mu 1891 taifodi inapha anthu pafupifupi 2,000, khasu lisanagwe n'komwe. Kukumba kunayamba mu 1892, ndipo ngalande ya makilomita 45 inatsegulidwa mu Januwale 1900, mwakachetechete ndiponso mothamanga, chifukwa boma la chigawo choyandikana nacho cha Missouri linali pafupi kukatenga chiletso kukhoti. Mtsinje unatembenukadi. Zonyansa zinasiya kulowera kunyanja, n'kuyamba ulendo wopita ku mitsinje ya Des Plaines, Illinois ndi Mississippi, komwe anthu a mumzinda wa St. Louis ku Missouri ankamwa. Mlandu unafika kukhoti lalikulu la dzikolo ndipo Missouri inagonja mu 1906. Tinene chilungamo apa: Chicago sinayeretse uve wake panthawiyo, inangousungunula ndi madzi a m'nyanja n'kuwutumiza kwa oyandikana nawo. Malo akuluakulu oyeretsera madzi onyansa anabwera patapita zaka makumi angapo.

Ndiye funsani wokamba uja za 1902. Patangotha zaka ziwiri mtsinje utatembenuka, taifodi inabukanso, ndipo inasautsa kwambiri dera la anthu osauka lozungulira Hull House, nyumba yothandiza obwera kumene yomwe Jane Addams ndi Ellen Gates Starr anayambitsa. Dokotala Alice Hamilton, yemwe ankakhala pomwepo, anafufuza n'kuloza chala ntchentche za m'zimbudzi. Pambuyo pake iye mwini anavomera kuti gwero lalikulu linali lina: pamalo opopera madzi a deralo panawonongeka, zonyansa n'kulowa m'mapaipi a madzi akumwa kwa masiku angapo. Ngalande ya makilomita 45 sikanaletsa zimenezo.

Taifodi inagonja ndi ntchito zosatchuka. Mu 1908 mzindawo unalamula kuti mkaka wogulitsidwa uzitenthetsedwa kaye kuti majeremusi afe. Mu 1912 anayamba kuthira klorini m'madzi, ndipo pofika 1917 madzi onse a mumzinda ankathiridwa. Panali anthu otenga madzi m'mabotolo tsiku ndi tsiku kupita nawo ku labotale, oyendera malo ogulitsa mkaka, olemba imfa iliyonse ndi chomwe chapha. Ngalande inathandiza kwambiri, sindikukana. Koma ana anasiya kufa chifukwa panali mabungwe omwe ankadzuka m'mawa uliwonse kukachita zomwezomwezo, ndi msonkho wowalipira.

Pali chinthu chimodzi m'mbiri imeneyi chomwe chimandisowetsa tulo. Alice Hamilton yemweyo mu 1910 anatsogolera kafukufuku wa boma la Illinois wa matenda a kuntchito, ndipo anaonetsa poyera momwe mtovu unkawonongera antchito m'mafakitale. Chicago sinali mbuli pa za mtovu. Komabe malamulo a zomangamanga a mzindawo anapitiriza kukakamiza kuti paipi yochoka pa paipi yaikulu ya mumsewu kulowa m'nyumba ikhale ya mtovu, mpaka 1986, pomwe boma lalikulu la United States linaletsa mapaipi otere. Mizinda yambiri inali itasiya kalekale. Zotsatira zake, Chicago ili ndi mapaipi a mtovu pafupifupi 400,000, kuposa mzinda wina uliwonse m'dzikolo, ndipo kuwachotsa onse kudzatenga zaka zambiri. Mzinda womwe unanyamula nyumba ndi majeke unazengereza zaka zoposa 70 pa kapaipi ka mamita ochepa. Pakalipano amathira mankhwala a phosphate kuti mkati mwa paipi mukhale kachikutiro kotchinga. Zomwe zimachitika kachikutiroko kakasuka tinaziona ku Flint, mzinda wa m'chigawo cha Michigan, komwe mu Epulo 2014 anayamba kutunga mu mtsinje wa Flint osathira mankhwala oteteza mapaipi. Amayi anadandaula kwa chaka choposa, osamvedwa, mpaka dokotala wa ana Mona Hanna-Attisha anatulutsa zotsatira za magazi a ana mu Seputembala 2015.

Mdzukulu wanga wina amakhala m'nyumba yakale yalendi kumwera kwa Chicago. Atabereka anandiimbira foni akusangalala, ati: "Agogo, musadandaule, madzi a mwana ndimawiritsa ngati kwathu, komanso ndagula makina oyeretsera." Ndinakhala chete kaye. Kuwiritsa ndi nzeru yabwino yomwe tinaphunzira chifukwa cha kolera, ndipo kumaphadi majeremusi. Koma mtovu si jeremusi. Suphedwa. Madzi akamawira nthunzi imachoka, mtovu umatsala, ndipo umachuluka m'madzi otsalawo. Makina aja anamugulitsa munthu woyenda khomo ndi khomo, wa pakamwa pokoma, ati amasandutsa madzi kukhala amoyo ndi kuchotsa poizoni m'thupi. Pa bokosi lake panalibe chilichonse chosonyeza kuti anayesedwa pa mtovu.

Anthu oterewa ndi oopsa kuposa paipi yeniyeniyo, chifukwa amagulitsa mtendere wamumtima kwa mayi yemwe akanapita kukayezetsa. Mtovu ulibe fungo, ulibe mtundu, sumveka pa lilime. Madzi akhoza kuwala mbee ali nawo. Mwana sadwala mooneka, satsekula m'mimba, amangodzavutika kusukulu patapita zaka, ndipo zomwe mtovu wawononga mu ubongo sizibwerera. Palibe tiyi, zitsamba kapena mapiritsi a pa intaneti omwe angautulutse. Ngati wachuluka m'magazi, chithandizo chake ndi cha kuchipatala, ndipo choyamba ndi kutseka komwe ukuchokera. Mwezi uliwonse womwe mukudikira kuti landilodi adzaone, mwana akumwa.

Abale omwe muli ku Chicago ndi m'mizinda yakale ya m'chigawo chimenecho, makamaka m'nyumba zomangidwa 1986 isanafike, musadikire. Ku Chicago mukaimba 311 amakutumizirani mabotolo oyezera madzi kwaulere. Muuzeni dokotala wa mwana kuti amuyeze mtovu m'magazi. Sefa yomwe mugule ikhale yolembedwa NSF/ANSI 53 ndipo itchule mtovu, komanso muzisintha chamkati chake nthawi yake ikakwana. Madzi ophikira ndi opangira mkaka wa mwana azichokera ku mpopi wozizira, osati wotentha, ndipo ngati agona m'paipi usiku wonse atayeni kaye kwa mphindi zisanu. Mukaona akukumba mumsewu wanu chenjerani kwambiri, poti kugwedezeka kumasula tizidutswa m'paipi.

Mdzukulu wanga ndinamutuma kuchipinda chapansi, pomwe paipi imalowera m'nyumba pafupi ndi mita, atatenga kiyi ndi maginito. Ndinamuuza kuti akande pang'ono. Paipi ya mkuwa imaoneka yofiirira, ya chitsulo imagwira maginito. Yake inali yotuwa, yofewa, pokandapo panawala ngati siliva, ndipo maginito anagwa pansi.