Tebulo limodzi patsiku likukwanirani ku Disney World

Pa ntchito yanga yokonzera mabanja maulendo, nkhani imene anthu opita ku Walt Disney World amaikumbukira mochedwa kuposa zonse ndi ya chakudya. Tikiti ya ndege amayamba kuisakasaka kudakali miyezi yambiri, hotela amasankha mofatsa, viza imawasowetsa tulo. Ndikafunsa kuti nanga mukadya kuti, yankho limakhala lakuti tikaonera komweko. Ine ndikamva zimenezo mtima umandipweteka, chifukwa ndikudziwa mmene banja lotopa, la ana anjala, limaonekera likaima pakhomo pa lesitilanti n'kuuzidwa kuti matebulo onse ali ndi eni ake.

Walt Disney World ili pafupi ndi mzinda wa Orlando ku Florida, m'dziko la America, ndipo inatsegulidwa mu 1971. Amene sanafikeko amaganiza kuti ndi bwalo limodzi lokhala ndi mpanda, koma dera lake ndi la masikweya kilomita pafupifupi 100, ndipo muli mapaki akuluakulu anayi a zisangalalo: Magic Kingdom, EPCOT imene inatsegulidwa mu 1982, Hollywood Studios ya mu 1989, ndi Animal Kingdom ya mu 1998. Pakati pa mapakiwa pali misewu, nyanja ndi mahotela ambirimbiri. Kuchoka kwina kupita kwina mumakwera basi, bwato, sitima yoyenda pamwamba kapena timabokosi toyenda pachingwe totchedwa Skyliner. Kukula kumeneku mukusunge m'mutu, chifukwa zonse zimene ndinene pa zakudya zagona pamenepa.

Malo odyera alipo a mitundu iwiri. Pali ena amene mumaitanitsa chakudya pakauntala kapena pafoni, n'kunyamula nokha thireyi kukasaka pokhala. Amenewa safuna kusungitsa malo. Ndiye pali malesitilanti okhala pansi, kumene amakulondolerani patebulo, woperekera zakudya n'kubwera kudzakufunsani chimene mudye. Pa pulogalamu yawo ya pafoni, My Disney Experience, amenewa amalembedwa kuti Table Service, ndipo ndi amene amafuna nzeru.

Malesitilanti amenewa amayamba kulandira osungitsa malo kutatsala masiku 60. Amene mwalipira hotela ya Disney muli ndi mwayi wina: kukatsala masiku 60 kuti mufike, mutha kusungitsa matebulo a ulendo wonse nthawi imodzi, mpaka usiku 10. Ogona kumahotela ena amasungitsa tsiku lililonse palokha likakwana masiku ake 60. Pa intaneti chitseko chimatseguka cha m'ma 6 koloko m'mawa nthawi ya ku Florida. Ku Lilongwe, Lusaka, Harare kapena Johannesburg imeneyo ndi 12 koloko masana kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo ndi 1 koloko masana. Ku London nthawi zambiri imakhala 11 koloko m'mawa. Apa ife a kutali tili pabwino, chifukwa pamene eni dziko akudzuka m'bandakucha ndi tulo m'maso, ife tili maso gwa. Koma konzekeranitu: akaunti mutsegule dzulo lake, khadi la kubanki mulilowetsemo, mayina a onse a paulendo akhalemo. Malo ngati Cinderella's Royal Table, amene ali m'kati mwa nyumba yachifumu ya ku Magic Kingdom, kapena Space 220 ya ku EPCOT, sachedwa kudzaza.

Komabe vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri pa anthu amene aphunzira za masiku 60 ndi lina. Akaona matebulo ali mbwee pakompyuta, amasungitsa ochuluka: kadzutsa kuno, nkhomaliro uko, chamadzulo kwinanso. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chakudya chokhala pansi chimatenga ola limodzi kapena ola ndi theka, osawerengera mphindi zodikira kuti akuitaneni. Ngati lesitilantiyo ili kupaki ina kapena kuhotela ina, onjezani ola lina lopita ndi lina lobwerera. Matebulo atatu patsiku ndiye kuti theka la tsiku lathera m'basi ndi pampando, pamene tikiti yolowera paki mwalipira ndalama zambiri pa munthu aliyense.

Zimenezi ndinaziphunzira pa mayi anga. Chaka china mwezi wa Julayi ndinapita ndi iwo pamodzi ndi mchemwali wanga ndi ana ake atatu. Ndinkafunitsitsa kuti aone zonse, choncho tsiku lachiwiri ndinaika kadzutsa kuhotela ina, nkhomaliro ku Magic Kingdom, chamadzulo ku EPCOT. Pofika 3 koloko masana dzuwa linali litatiwamba, mitambo yakuda itayamba kusonkhana monga imachitira ku Florida nyengo imeneyo, ndipo mwana wamng'ono anali akulira pamsana pa mayi ake. Tili paulendo wopita kokwerera sitima, mayi anaima n'kugwira chitsulo cha mpanda. Anati, "Mwanangu, miyendo yakana. Tandipezerani pokhala, chakudyacho chikhale." Tebulo la ku EPCOT ndinalibweza pomwepo pafoni. Usiku umenewo ndinakhala pansi n'kufufuta theka la zimene ndinakonza.

Patapita masiku awiri tinali ndi tebulo limodzi lokha, ku Sanaa, lesitilanti ya ku Kidani Village ku Animal Kingdom Lodge, nthawi ya masana. Mawindo ake ayang'ana kudambo kumene kumayenda akadyansonga ndi mbidzi. Mayi anavula nsapato pansi pa tebulo, mdzukulu wawo anagona pamiyendo pawo, ndipo iwo ankanyema buledi wa naan n'kumasunsa m'timbale ta zokometsera tosiyanasiyana, uku akuyang'ana kadyansonga akubudula masamba. Panja mvula inagwa n'kukata tili m'katimo. Titatuluka aliyense anali ndi mphamvu zoyendanso mpaka usiku. Mpaka lero akamakamba za ulendowo, amayambira pa tebulo limene lija.

Ndiye chimene ndimauza banja lililonse ndi ichi: tebulo limodzi patsiku, ndipo liikeni pamene thupi lifuna kupuma. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kutentha kumapitirira madigiri 30, mpweya umakhala wachinyezi, ndipo masana kumagwa mvula ya mabingu pafupipafupi. Masana omwewonso mizere ya pa zokwerakwera imakhala itatalika kwambiri. Ola ndi theka m'chipinda chozizira, pampando, madzi akubwera okha patebulo, chimbudzi chili pafupi, ndi mankhwala kwa ana ndi agogo. M'mawa paki ikangotsegulidwa mizere imakhala yaifupi, choncho kadzutsa wokhala pansi wa 9 koloko amakudyerani nthawi yabwino koposa ya tsiku lonse. Idyani zopepuka kuchipinda, mulawire. Madzulo nakonso samalani ndi nthawi ya makombola ku Magic Kingdom ndi ku EPCOT. Nthawi yake imasintha malinga ndi nyengo, ndiye muione kaye musanasankhe ola la chakudya, kuopa kuti ana angamve kuphulika ali m'kati mwa lesitilanti yopanda windo.

Dongosolo lake liyambire pa mapaki, chakudya chibwere pambuyo. Lembani papepala kuti Lolemba tili ku Magic Kingdom, Lachiwiri ku Animal Kingdom, ndi zina zotero, kenako pa tsiku lililonse sakani tebulo m'paki yomweyo kapena pahotela yoyandikana nayo. Mahotela a Contemporary, Polynesian Village ndi Grand Floridian ali pamzere wa sitima yopita ku Magic Kingdom, ndipo ku Contemporary mutha kuyenda wapansi. Kumbukiraninso kuti kusungitsa tebulo m'kati mwa paki sikukupatsani chilolezo cholowera pageti. Mufunikabe tikiti ya paki imeneyo tsiku limenelo. Ndaonapo anthu atasungitsa ku Be Our Guest, lesitilanti ya m'kati mwa Magic Kingdom, pa tsiku limene tikiti yawo inali ya paki ina.

Malesitilanti a m'mahotela safuna tikiti ya paki, ndipo ndi abwino pa tsiku lopuma. Ku Animal Kingdom Lodge kuli ina yotchedwa Boma. Dzinali kwa ife limatikumbutsa maofesi a DC, koma iwo analitenga pa tanthauzo lake lakale la mpanda wotetezera anthu ndi ziweto. Ndi malo odzitengera wekha chakudya, ndipo amaphika zakudya zochokera kumadera osiyanasiyana a mu Africa, monga bobotie wa ku South Africa. Banja limene latha masiku angapo likudya mabaga ndi tchipisi limapezako mpumulo, makamaka akuluakulu amene m'mimba mwawo simukhazikika popanda chakudya chophikidwa mumphika.

Tsopano ndalama. Mtengo umene mukuuona pa mndandanda wa zakudya si umene mudzalipire. Ku America msonkho amauwonjezera pamapeto, ndipo m'dera lalikulu la Disney World ndi 6.5 peresenti. Pamwamba pake pali ndalama yothokozera woperekera zakudya, imene anthu amaika pa 18 mpaka 20 peresenti. Kwathu ndalama yotere timapereka tikafuna, koma kumeneko ndi gawo lalikulu la malipiro a munthu amene wakutumikiraniyo, ndiye muiwerengere kuyambira kunyumba. Mukakhala anthu 6 kapena kuposerapo, 18 peresenti amaiika okha pabilu. Iwerengeni biluyo bwino kuti musapereke kawiri. Kunena mwachidule, chakudya cha madola 200 chimafika pafupifupi madola 250.

China chimene chimadzidzimutsa makolo ndi zaka za ana. Ku Disney mwana ndi wa zaka 3 mpaka 9. Akangokwanitsa zaka 10, m'malo odzitengera wekha ndi m'malo a mtengo umodzi wokhazikika amalipira ngati wamkulu, ngakhale atadya mpunga supuni zitatu basi. Wosakwana zaka 3 amadya nawo m'mbale ya makolo osalipira. Ngati muli ndi ana awiri a zaka 10 ndi 11 amene amadya pang'ono, pitani kumene aliyense amaitanitsa mbale yakeyake, kumene mungathenso kugawana mbale imodzi anthu awiri, chifukwa mbale za kumeneko zimakhala zodzaza.

Posungitsa tebulo amafuna khadi la kubanki. Mukapanda kufika osawadziwitsa, m'malesitilanti ambiri amadula madola 10 pa munthu aliyense, ndipo kuti musalipire chindapusacho muyenera kubweza tebulolo kutatsala maola osachepera awiri. Malo ochepa, monga Cinderella's Royal Table, amafuna ndalama zonse posungitsa pomwepo ndipo malamulo ake obwezera ndi okhwimirapo, ndiye awerengeni musanadine batani.

Za kudya ndi Mickey Mouse ndi anzake ndimafunsidwa kwambiri. M'malo ngati Chef Mickey's, Crystal Palace ndi Tusker House, anthu ovala ngati zidole za Disney amazungulira tebulo ndi tebulo, kukumbatira ana ndi kujambulitsa nawo. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo zoona zake n'zakuti mukulipirira chithunzi ndi chimwemwe cha mwana kuposa chakudyacho. Ine ndimati kamodzi paulendo wonse n'koyenera, chifukwa kumakupulumutsani ku mizere ingapo yodikira kujambulitsa padzuwa. Kawiri katatu ndi kutaya ndalama. Ndipo ngati mwana wanu ndi wamanyazi kapena sanakwane zaka 3, dikirani kaye muone mmene achitire akaona chidole chachikulu chili patali. Ena amakuwa ndi mantha, chakudya chonse n'kuthera kutonthoza mwana.

Palinso dongosolo lolipiriratu zakudya, Disney Dining Plan, limene linabwereranso mu Januwale 2024 kwa ogona m'mahotela a Disney. Limathandiza amene amafuna kudziwiratu ndalama zonse asananyamuke, koma ndalama yothokozera ija sili m'katimo, ndipo limakankhira banja kudya kwambiri kuti lisaluze. Mabanja ambiri amene ndawathandiza amawononga zochepa akamalipira chimene adya basi. A Disney amalolanso kulowa m'paki ndi kamba wanu, bola asakhale m'mabotolo agalasi ndipo pasakhale mowa, komanso pamakauntala a zakudya amapereka kapu ya madzi ozizira ulere mukapempha.

Masiku 60 akakudutsani musataye mtima. Anthu amabweza matebulo tsiku lililonse, makamaka dzulo lake ndi m'mawa wa tsikulo, ndiye pitirizani kusuzumira pafoni. Yesani maola amene ena sawafuna, monga 2 koloko kapena 4 koloko masana. Ngati muli anthu 8, sakani matebulo awiri a anthu anayianayi a nthawi yoyandikana, mukafika mupemphe kuti akuikeni moyandikana. Pa pulogalamu ija palinso polembetsa dzina mukakhala pafupi ndi lesitilanti, malo akapezeka amakuitanani. Amene ali ndi chakudya chimene chimawadwalitsa, monga mtedza, mkaka kapena tirigu, alembe posungitsa tebulo ndipo akanenenso akafika. Pa nkhani imeneyi malesitilanti okhala pansi amasamala kwambiri, ndipo nthawi zambiri wophika amabwera yekha patebulo kudzakambirana nanu.

Tsiku lofika lokha musasungitse kalikonse. Ochokera ku Lilongwe kapena Blantyre amakhala atasintha ndege kawiri kapena katatu, ndipo imodzi ikachedwa zonse zimasokonekera. Ngakhale mufike pa nthawi yake, 6 koloko madzulo ku Orlando thupi la mwana limadziwa kuti kwawo ndi pakati pa usiku, ndipo adzagona mutu uli patebulo chakudya chisanabwere. Gulani zopepuka pahotela, asambe, agone. Tebulo loyamba liikeni masana a tsiku lachiwiri.