Kulapa ndi kuyamika mu Miserere ya Allegri

M'zaka za m'ma 1630, Gregorio Allegri, wansembe amene ankayimba m'kwaya ya Papa ku Roma, anapeka nyimbo ya Miserere kuti iziyimbidwa m'tchalitchi cha Sistine pa Sabata Loyera. Mawu ake ndi Salimo 51 m'Chilatini, pemphero la Davide mneneri Natani atamudzudzula pa nkhani ya Bateseba. Nyimboyi inkabwera kumapeto kwa mapemphero otchedwa Tenebrae, makandulo atazimitsidwa limodzilimodzi, Papa ndi makadinala atagwada.

Anthu ambiri amaidziwa chifukwa cha Mozart, katswiri wopeka nyimbo, amene anaimva mu 1770 ali ndi zaka 14 n'kukailemba kuchokera m'mutu, kapena chifukwa cha liwu lokwera kwambiri lija limene limamveka m'makaseti ndi m'makonsati a masiku ano. Liwulo sanalembe ndi Allegri. Linalowamo pambuyo pake, ndipo ngakhale limakoma, limakopa khutu n'kuliiwalitsa pemphero.

Chofunika kuchitchera khutu ndi mmene ndime zagawidwira. Pali magulu awiri a oyimba, lina la mawu asanu, lina la mawu anayi, ndipo amalandizana ndime, pamene ndime za pakati pawo zimayimbidwa ndi liwu limodzi, mwa kayimbidwe kakale ka mpingo. Gulu lililonse limabwereza kayimbidwe kake komweko mpaka kumapeto. Motero gulu la mawu asanu limavomereza kuti lachimwira Mulungu yekha, kenako n'kudzapempha kuti chimwemwe cha chipulumutso chibwerere, koma nyimbo yake osasintha ngakhale pang'ono. Gulu linalo limapempha kutsukidwa, n'kudzapemphanso mtima woyera, nalonso pa kayimbidwe kamodzimodzi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona mphamvu ya nyimboyi, chifukwa wolapayo saloledwa kudzionetsera ndi kulira kwambiri, ndiponso saloledwa kudzikhululukira yekha mwa kuyamba kusangalala nthawi isanakwane. Iye amangopempha n'kudikira, popeza kuyeretsa ndi ntchito ya Mulungu.

Salimoli limanena kuti nsembe imene Mulungu amalandira ndi mtima wosweka, koma limatha ndi lonjezo la nsembe zenizeni, Mulungu akadzamanganso malinga a Yerusalemu. Ndi pa mawu otsiriza okhawo, onena za ng'ombe zoperekedwa paguwa, pamene Allegri anaphatikiza magulu onse awiri kuti mawu asanu ndi anayi amvekere pamodzi, ndipo kwaya yoyimba bwino imasunga mphamvu zake kuti izidzazitulutsa pamenepa.