Mowa wakuda si ndiwo waukali nthawi zonse

M'malo omwera a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, anthu ambiri amakhulupirira kuti mowa wa m'botolo ukakhala wakuda ndiye kuti ndi waukali, ndipo woyezuka ndi wofatsa, wongothetsera ludzu pa dzuwa la mu Okutobala. Maganizo amenewa ndi akale, koma si oona.

Mtundu wa mowa umachokera ku chimera. Ofulula akakazinga kwambiri chimera cha balere, chimada n'kupatsa mowa fungo lofanana ndi la khofi, pamene chimera chongoumitsidwa pa moto wochepa chimatulutsa mowa woyezuka. Ukali umadalira kuchuluka kwa shuga amene yisiti yamusandutsa chakumwa choledzeretsa, ndipo kukazinga sikuwonjezera shuga ameneyo ngakhale pang'ono.

N'chifukwa chake Guinness Draught ya ku Ireland, yakuda bii, ili ndi ukali wa 4.2 peresenti yokha, pamene Duvel ya ku Belgium, yoyezuka bwino, imafika 8.5 peresenti. Wa kuno kuchigwa cha Shire sayenera kudabwa nazo, pakuti kachasu amaoneka ngati madzi, koma amagwetsa munthu msanga kuposa masese.

Kuwawa nakonso kumasocheretsa olawa ambiri. Mu mowa wowawa kwambiri wa mtundu wa IPA (India Pale Ale) kuwawako kumachokera ku maluwa a mbewu yotchedwa hops amene ofulula amathira mu mowa, ndipo sikuuza munthu za ukali. Chodalirika ndi nambala ya ABV, ndiye kuti peresenti ya ukali yolembedwa pa botolo, imene ndi bwino kuiwerenga musanatsegule, makamaka kuno kotentha kumene mowa woyezuka wozizira umatsika pakhosi mofulumira.