Gandhi sanapite ku Joni kukamenyera ufulu anthu akuda

Ambiri tinakula tikumva zoti Mahatma Gandhi ankamenyera anthu akuda ku South Africa, ndiye pamene achinyamata ena ku Blantyre anakana mu 2018 kuti chiboliboli chake chiimikidwe pa Ginnery Corner mpaka khothi lalikulu linayamba laimitsa kaye ntchitoyo, anthu ena ankati anawa ndi osayamika, poti India imafuna kutimangira nyumba yamisonkhano. Ayi abale, nkhani ya achinyamatawo inali ndi mutu.

Gandhi anakhala ku Joni kuyambira 1893 mpaka 1914 ndipo amene ankawayankhulira anali amwenye anzake, nchifukwa chake bungwe lomwe anayambitsa mu 1894 dzina lake ndi Natal Indian Congress. Pa positi ofesi ya ku Durban panali makomo awiri, la azungu ndi la ena onse, iye anadandaula kuti amwenye asamalowere khomo limodzi ndi anthu akuda, mpaka anawapatsa lawolawo. Tangoganizani, sanati makomowo achoke, amangofuna kuti asamaphatikizidwe ndi ife basi. Mu 1906 pa nkhondo ya Bambatha, pamene Azulu anaukira boma la atsamunda, Gandhi anali mbali ya Angelezi, kutsogolera gulu lonyamula ovulala pamachira, ngakhale nzoona kuti gululo linasamaliranso Azulu omwe anavulazidwa.

Sindikukana kuti anachita zazikulu kwawo ku India, naye Mandela ankamulemekeza ndithu. Koma ku Ghana anachotsa chiboliboli chake pa yunivesite ya ku Legon mu Disembala 2018 pa zifukwa zomwezi, ndiye achinyamata athu aja sanapeke kanthu.