Park Station: siteshoni ya sitima imene ambiri timaiona ngati depoti ya mabasi

Amalawi ambiri amene tili ku Joni kuno tinafikira pa Park Station, titakhala m'basi usana ndi usiku kudutsa ku Mwanza, ku Tete, ku Nyamapanda ndi ku Beitbridge. N'chifukwa chake malowa timawaona ngati depoti yokwerera basi ndi kutumizira katundu kumudzi. Koma mabasi ndi alendo pamalopa. Mwini malo ndi njanji, ndipo ine monga injiniya wa zanjanji ndimaona kuti mbiri yake imatikhudza kwambiri.

Golide atapezeka mu 1886, migodi inkafuna malasha ambiri, ndipo ngolo za ng'ombe zinkachedwa nawo. Mu 1890 kampani ya ku Netherlands yotchedwa NZASM, mogwirizana ndi boma la Mabunu la Paul Kruger, inatsegula njanji yaifupi yochokera ku Boksburg kumene kunali malasha. Pamene pali siteshoni lero panali poima sitima chabe, potchedwa Park Halt chifukwa cha paki imene inali pafupi. Njanji yochokera ku Cape itafika mu 1892, apaulendo anachuluka moti kanyumba kamene kanalipo sikanakwanenso.

Nyumba imene inamangidwa pofika mu 1897 ndi imene ndimalakalaka aliyense ataiona. Anaijambula ndi Jacob Klinkhamer, ndipo zitsulo zake zonse, mizati ndi mitanda ya denga, anazipangira ku Netherlands n'kuzibweretsa pa sitima yapamadzi zili zidutswazidutswa. Kuno amisiri anangozilumikiza n'kuika magalasi. Denga lake analikweza m'mwamba kuti utsi ndi nthunzi za sitima zamalasha zisamatsamwitse anthu odikirira, ndipo magalasiwo ankalowetsa kuwala masana onse. Mamangidwe otere ali ndi ubwino umene nyumba ya njerwa ilibe, woti mutha kuimasula n'kukaimika kwina. Zimenezi zinachitikadi kawiri: m'zaka za m'ma 1950 anaisamutsira ku Esselen Park, kusukulu ya anthu ogwira ntchito zanjanji, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anaibwezera mutawuni. Chinyumba chazitsulo chimene mumachiona ku Newtown mukamadutsa pa mlatho wa Nelson Mandela ndi chimenechi. Zimandipweteka kuti chinthu chosowa chotere chakhala zaka zambiri chopanda ntchito yokhazikika, pamene chitsulo chikasowa wochisamala dzimbiri silichedwa.

Nyumba yachiwiri, ya mu 1932, anaijambula ndi Gordon Leith ndi Gerard Moerdijk, ndipo m'kati mwake munapachikidwa zithunzi 32 za katswiri wojambula J.H. Pierneef zoonetsa mapiri, zigwa ndi mitengo ya dziko lino. Kukongola kumeneku kunali kwa azungu. Munthu wakuda anali ndi khomo lake, podikirira pake ndi mabogi ake, ndipo m'gulu limeneli munali agogo athu a ku Nyasaland amene ankabwera kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito zakumigodi, dzina limene mpaka lero likadali pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma linatenga bwalo lamasewera la Wanderers n'kukulitsa siteshoni, n'kutsitsanso njanji kuti zidutse m'munsi mwa misewu. Ndiye chifukwa chake pokwera sitima mumatsika masitepe.

Masiku ano sitima zonyamula anthu pamalopa n'zamitundu itatu. Metrorail ndi ya anthu opita kuntchito kuchokera ku Soweto, ku Germiston ndi madera ena. Shosholoza Meyl ndi ya maulendo ataliatali monga a ku Cape Town ndi ku Durban. Ziwirizi zili m'manja mwa PRASA, bungwe la boma loyendetsa sitima zonyamula anthu. Gautrain, sitima yothamanga yopita ku Pretoria imene inafika pa Park mu 2012, ndi yapayokha, ndipo njanji yake ndi yotakasuka mamilimita 1,435 pamene ya zinzakezo ndi 1,067, choncho sitima ya uku singayende pa njanji ya uko ngakhale masiteshoni awo ali moyandikana.

Chimene chinafooketsa Metrorail ndi Shosholoza Meyl si ukalamba wa siteshoni. Sitimazi zimayendera magetsi odutsa m'nthambo zamkuwa pamwamba pa njanji, ndipo zizindikiro zouza woyendetsa kuti aime kapena apitirire zimadaliranso nthambo. Mu 2020, sitima zitaima chifukwa cha Covid-19, akuba anazula nthambo m'madera ambiri. Nthambo ya zizindikiro ikadulidwa, woyendetsa amayenera kudikira chilolezo cha pafoni kapena papepala asanalowe chigawo chilichonse cha njanji, ndipo ulendo wa mphindi makumi anayi umasanduka wa maola. Munthu wolowa ntchito m'mamawa sangadalire zotere, amakakwera minibasi ngakhale ndi yodula. Njira zina zatsegulidwanso, kuphatikizapo ya ku Naledi, ndi sitima zatsopano zabuluu, koma za maulendo ataliatali zakhala zikuyenda mwa apo ndi apo.

Abale ambiri amandifunsa ngati sitima ingachoke pa Park n'kukafika ku Limbe. Kumbali ya muyeso palibe choletsa, chifukwa njanji za ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe nazonso ndi za mamilimita 1,067. Njira inalipo kudzera ku Bulawayo, ku Harare, ku Mutare ndi ku Dondo pafupi ndi Beira, kenako n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, kulowera ku Nsanje. Madzi osefukira anadula njirayi ku Chiromo mu 1997. Ngakhale atakonza pamenepo, pangafunikebe kuti mabungwe a njanji a maiko anayi agwirizane za nthawi, mitengo ya matikiti ndi kuona ziphaso pamalire, ndipo pakadali pano chidwi chawo chili pa sitima za malasha, mafuta ndi feteleza.